Pakati pa Kununkha ndi Kununkhira

Chichewa chathu chili ndi mawu awiri amene m'kamvekedwe ndi apachibale koma m'tanthauzo ndi adani. Tikati chinthu chikununkha, anthu amagwira mphuno n'kupotoloka. Tikati chikununkhira, amasendera pafupi. Mawu awiriwa amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, ndipo aliyense amene adakwerapo minibasi yodzaza m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kuchoka pa kununkhira kufika pa kununkha si ulendo wautali.

Tsiku lina ndinkachokera ku Limbe kupita ku Zomba. Pa siteji ina padakwera mnyamata wotchena bwino, nsapato zikuchita kung'anima. Asadakhazikike n'komwe, fungo la perefyumu wake lidali litafika kale kumpando wakumbuyo. Agogo ena amene adayandikana naye adapirira kwa kanthawi, kenaka adakankha windo. "Mwana wanga," adatero agogowo, "mafuta akowa ndi abwino ndithu, koma kodi unachita kusamba nawo?" Anthu adafa nalo phwete. Mnyamatayo adadziteteza potchula mtengo wa botolo lake, umene udalidi wokwera. Agogowo sadatsutse za mtengo chifukwa dandaulo lawo silidali pamenepo.

Zimene adanena agogowa ndi phunziro limene opanga mafuta onunkhira akhala akuphunzira kwa zaka zoposa 3,000. Mbiri imaonetsa kuti zonunkhiritsa zamtengo wapatali kwambiri zimachokera m'malo amene munthu sangawaganizire: pabala la mtengo, m'matumbo a namgumi, pansi pa mchira wa fungwe ndiponso m'thunthu la mtengo wodwala. Zambiri mwa izi paokha n'zonunkha. Zimene zimazisandutsa zonunkhira ndi zinthu zitatu: nthawi, mlingo ndi thupi la wodzolayo. Munthu akamvetsa mbiri imeneyi savutika posankha fungo lomuyenera.

Mawu akuti perefyumu adachokera ku mawu awiri a Chilatini otanthauza kuti "kudzera mu utsi". Izi zili choncho chifukwa zonunkhiritsa zoyamba sizinkadzoledwa koma kufukizidwa, ndipo mfumu ya zofukiza zonse idali lubani. Pafupifupi zaka 1,470 Yesu asadabadwe, mfumukazi Hatshepsut ya ku Igupto idatumiza zombo zisanu ku dziko la Punt, limene akatswiri ambiri amati lidali cha kum'mwera kwa Nyanja Yofiira, m'dera la Eritrea, Ethiopia kapena Somalia walero. Zithunzi zosemedwa pa makoma a kachisi wake ku Deir el-Bahari zikuonetsa amalinyero akukweza m'zombo milu ya utomoni wonunkhira, minyanga ya njovu ndi mitengo yamoyo yozulidwa ndi mizu yomwe n'kuikidwa m'madengu. Mfumukaziyo inkafuna kuti mitengoyo imere pakhomo pake, koma Aigupto adapitirizabe kugula lubani ndi mure kuchokera kutali kwa zaka mazanamazana.

Mtengo wa lubani ndi wosaoneka bwino. Ndi waufupi, wokhotakhota, ndipo umamera m'miyala ya ku Oman, Yemen ndi Somalia kumene mbewu zina sizingapirire. Wokolola amatema khungwa pang'ono ndi kampeni, ndipo pabalapo pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka umene mtengo umafuna kutsekera bala lake. Pakapita sabata ziwiri utomoniwo umauma n'kusanduka timibulu timene timatoledwa ndi manja. Dzina loti lubani, limene ife tidalandira kuchokera kwa Aluya, limachokera ku tsinde la mawu otanthauza kuyera. Mlembi wa ku Roma Pliny adalemba kuti ngamira zonyamula katunduyu zinkagona m'malo 65 kuchokera kum'mwera kwa Arabia kukafika ku doko la Gaza, ndipo paliponse zinkalipira madzi, msipu ndi msonkho. N'chifukwa chake pofika ku Roma lubani ankakhala wokwera mtengo. Pliny yemweyo adadandaula kuti pa maliro a Poppaea, mkazi wa mfumu Nero, m'chaka cha 65, adatentha zofukiza zoposa zimene dziko la Arabia linkakolola pa chaka chathunthu.

Dyera la mtundu umenewu silidathe ndi Nero. Mtengo wotemedwa mabala ambiri chaka ndi chaka umafooka ndipo njere zake sizimera bwino. Mu 2019 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Frans Bongers wa ku Netherlands lidafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mtundu wa mtengo wa lubani umene umamera ku Ethiopia, Eritrea ndi Sudan. Iwo adapeza kuti m'nkhalango zambiri mulibe mitengo yaing'ono yolowa m'malo mwa yokalamba kaamba ka moto, ziweto ndi kutema mopyola muyeso, ndipo adachenjeza kuti zokolola zitha kutsika ndi theka m'zaka 20. Utsi umene timauona ukukwera m'tchalitchi kapena m'nyumba za abale athu achisilamu uli ndi mtengo wake umene suthera pa ndalama.

Kuchoka pa utsi kufika pa botolo padafunika luso limene ife a kuno sitingalidabwe, luso la kutcheza. Mmene amayi amatchezera kachasu ndi mphika, mpope ndi madzi ozizira, ndi mmenenso akatswiri akale ankatengera fungo m'maluwa. M'zaka za m'ma 800, katswiri wa ku Baghdad dzina lake al-Kindi adalemba buku lokhala ndi njira zoposa 100 zopangira mafuta ndi madzi onunkhira. Koma fungo la maluwa lili ndi vuto limodzi: silikhalitsa. Limauluka msanga pakhungu ngati mame akaona dzuwa. Opanga zonunkhiritsa ankafuna chinthu cholemera choti chigwire fungo lopepukalo kuti lisathawe, ndipo adachipeza kwa nyama.

Chodabwitsa kwambiri pa zonse ndi ambergris. Kwa zaka zambiri anthu ankatola miyala yotuwa, yopepuka ngati phula, m'mbali mwa nyanja zamchere osadziwa kumene ikuchokera. Ku China ankati ndi malovu a chinjoka cha m'nyanja. Ena ankati ndi utomoni wa mitengo ya pansi pa madzi. Zoona zake zidadziwika bwino pamene alenje a anamgumi adayamba kuipeza m'mimba mwa namgumi wa mutu waukulu wotchedwa sperm whale. Namgumiyu amadya nyama zofewa za m'nyanja zotchedwa squid, zimene zili ndi milomo yolimba ngati ya mbalame. Milomo yambiri amaisanza, koma mwa anamgumi ochepa ina imadutsa n'kukafika m'matumbo, kumene thupi limaikuta ndi mafuta kuti isalase. Chibulumwa chimenechi chikangotuluka kumene chimakhala chakuda, chofewa ndi chonunkha ngati ndowe. Chikayandama pa nyanja kwa zaka zambiri, dzuwa ndi mchere zikuchiwamba, chimauma, chimatuwa ndipo chimayamba kutulutsa kafungo kofatsa, kokoma, kokumbutsa nyanja ndi fodya wouma. Palibe chimene munthu amawonjezerapo. Ntchito yonse imagwiridwa ndi nthawi.

Gombe la kum'mawa kwa Africa lidatchuka kalekale ndi katundu ameneyu. Mlembi wachiluya al-Masudi, amene adayenda pa nyanjayi m'zaka za m'ma 900, adatamanda ambergris wa ku gombe la Zanj, ndipo Marco Polo naye adamutchula polemba za Zanzibar. Mtengo wake ukadali wodabwitsa mpaka m'masiku athu ano. Mu 2021 asodzi 35 a ku Yemen, dziko limene lidasauka ndi nkhondo, adakokera kumtunda mtembo wa namgumi umene unkayandama pafupi ndi Aden. Atautumbula adapezamo ambergris wolemera makilogalamu 127 ndipo adamugulitsa pa mtengo wa madola pafupifupi 1.5 miliyoni. Ndalamazo adagawana, zina n'kuthandizira osauka a m'mudzi mwawo.

Kumapiri a Himalaya, Tibet ndi Siberia kuli kanyama konga gwape, kopanda nyanga koma kokhala ndi mano awiri aatali otulukira kunja. Kamphongo kake kali ndi kathumba pafupi ndi mchombo momwe mumakhala musk, fungo limene kamaitanira zazikazi. Kathumba kamodzi kamapereka magalamu pafupifupi 25, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi imafuna amphongo 40. Koma msampha susankha, umagwira zazikazi ndi ana omwe, choncho nyama zophedwa zinkachuluka kuposa pamenepo. Lero malonda a musk wa nyamayi ndi oletsedwa m'maiko ena ndipo m'maiko ena amalamulidwa mwamphamvu ndi pangano la CITES loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha.

Nyama yachitatu ndi yakwathu konkuno. Fungwe, amene ena amati chombwe, amayenda usiku m'tchire ndi m'mbali mwa minda yathu, ndipo mlenje aliyense amadziwa fungo limene amasiya pa mwala kapena pa chitsa polemba malire ake. Fungolo limachokera m'kathumba ka pansi pa mchira momwe mumatuluka mafuta achikasu onga batala. Munthu akawanunkhiza pafupi amatha kuchita nseru. Koma kadontho kochepetsetsa kakasungunulidwa m'sipiriti wambiri, kamasintha n'kukhala kofunda ndi kokoma, ndipo kamachititsa fungo la maluwa kumveka lamoyo. Ku Ethiopia anthu akhala akuweta afungwe m'zikwere zothina kwa zaka mazanamazana. Pakapita masiku angapo amagwira nyamayo n'kupala mafutawo ndi kasupuni ka nyanga, ndipo kale ankawatumiza kunja atawathira m'nyanga za ng'ombe. Malondawa adakopa anthu mpaka ku Ulaya. Mu 1692 Daniel Defoe, amene pambuyo pake adalemba buku la Robinson Crusoe, adagula afungwe pafupifupi 70 ku London poganiza kuti alemera nawo. Ngongole zidamumiza ndipo nyamazo zidalandidwa.

Pano pali chinsinsi chimene agogo a m'minibasi aja adachidziwa popanda sukulu. Asayansi adapeza kuti m'maluwa oyera onunkhira kwambiri monga jasmine muli mankhwala otchedwa indole, amene amapezekanso m'chimbudzi cha munthu. Akachuluka timagwira mphuno, akachepa timati duwa lanunkhira. Chinthu chake n'chimodzi, chasintha ndi mlingo. Chitsanzo china chili kwa mbira, zija timaziona zikuothera dzuwa pa matanthwe. Mbira zimakodza ndi kuchita chimbudzi pamalo amodzi mibadwomibadwo. M'mapanga ouma a ku South Africa ndi Namibia zimenezi zimaunjikana n'kuuma ngati mwala kwa zaka mazana ngakhale zikwi. Mwalawu, umene amalonda amautcha Africa Stone, umasinjidwa n'kuviikidwa m'sipiriti, ndipo opanga perefyumu ena amaukonda chifukwa umapereka fungo la nyama popanda kupha kapena kutsekera nyama iliyonse.

Mitengo nayo ili ndi chodabwitsa chake. M'nkhalango za ku Assam, Cambodia, Vietnam ndi Malaysia mumamera mtengo wotchedwa Aquilaria, umene ukakhala wabwinobwino thabwa lake ndi loyera, lopepuka ndi lopanda fungo. Ukavulala n'kulowedwa ndi chuku, umadziteteza potulutsa utomoni wakuda umene umalowerera m'kati mwa thunthu kwa zaka zambiri. Gawo lodwalalo ndilo oud, amene Aswahili amati udi. Ku Japan, m'nyumba yosungiramo chuma cha makedzana ya Shosoin mumzinda wa Nara, muli chipika cha mtengo umenewu chotchedwa Ranjatai, cholemera makilogalamu 11.6. N'chaulemu kwambiri moti anthu amene adadulako kachidutswa amadziwika ndi maina, monga mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga mu 1574 ndi mfumu Meiji mu 1877. Popeza kunja kwa mtengo sikuonetsa bwino ngati m'kati muli utomoni, osaka oud adagwetsa mitengo yambiri yopanda kanthu, mpaka mu 1995 mtundu wina wa Aquilaria udalembedwa m'gulu la zomera zotetezedwa ndi CITES. Masiku ano alimi amadzala mitengoyi m'minda n'kumaiboola dala kuti idwale.

Ngakhale likulu la perefyumu ku Ulaya lidabadwira m'fungo loipa. Tawuni ya Grasse, kum'mwera kwa France, idali ya anthu ofufuta zikopa, ntchito yonunkha kwabasi. Pofuna kuti olemera agule magolovesi awo, amisiriwa adayamba kuwapaka mafuta a maluwa. M'zaka za m'ma 1700 malonda a zikopa adalowa pansi koma minda ya maluwa idatsala, ndipo mu 2018 bungwe la UNESCO lidalemba luso la ku Grasse m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Kusintha kwakukulu kudabwera ndi asayansi a m'zaka za m'ma 1800. Mu 1868 William Henry Perkin wa ku England adapanga coumarin, mankhwala onunkhira ngati udzu wongomweta kumene, ndipo mu 1882 kampani ya Houbigant idawagwiritsa ntchito m'perefyumu wotchedwa Fougère Royale. Mu 1874 Ferdinand Tiemann ndi Wilhelm Haarmann a ku Germany adapanga vanillin, fungo la vanila, popanda mbewu ya vanila. Mu 1888 Albert Baur, akufufuza za mankhwala ophulitsira mabomba, adangozindikira kuti chimene wapanga chikununkhira ngati musk. Patangopita chaka, Aimé Guerlain adasakaniza zatsopanozi ndi mafuta a fungwe n'kutulutsa Jicky, amene akugulitsidwabe mpaka lero. Mu 1921 Ernest Beaux adapangira Coco Chanel perefyumu wotchuka wa Chanel No. 5, mmene adathiramo mowolowa manja mankhwala otchedwa aldehyde pamodzi ndi maluwa a ku Grasse. Mu 1926 Leopold Ružička adatulukira kapangidwe ka mankhwala amene amapereka fungo la musk ndi la fungwe, ndipo mu 1950 akatswiri a kampani ya Firmenich ku Switzerland adapanga cholowa m'malo mwa ambergris kuchokera ku chomera. Zimenezi zidatsitsa mitengo mpaka munthu wamba adayamba kukwanitsa botolo, komanso zidapepuza goli la nyama. Kampani ya Chanel idanena kuti idasiya kugwiritsa ntchito mafuta enieni a fungwe mu 1998.

Mu mbiri ya zaka zimenezi muli tsamba limene limatikhudza ife a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, ndipo si tsamba losangalatsa. Mbewu ya karafuu, imene m'masitolo athu timaidziwa kuti ma clove, kwawo ndi ku zilumba za Maluku ku Indonesia. Idafika ku Zanzibar kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo Seyyid Said, wolamulira wa Oman amene adasamutsira likulu lake ku Zanzibar mu 1840, adalimbikitsa kuti ilimidwe m'minda ikuluikulu. Karafuu amathyoledwa ndi manja, munthu atakwera mumtengo, maluwa asadamasule. Ntchitoyi inkafuna manja ambiri ndipo manjawo adali a akapolo. Ambiri mwa iwo adagwidwa m'madera ozungulira nyanja yathu, ena n'kuwolotsedwa pa Nkhotakota, pamene padali Jumbe, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku doko la Kilwa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Zanzibar ndi Pemba ndizo zinkapereka gawo lalikulu la karafuu wa dziko lonse. Mafuta ake ali ndi mankhwala otchedwa eugenol, amene opanga perefyumu ankawagwiritsa ntchito, ndipo mafakitale a ku Ulaya adapeza njira yowasandutsa vanillin wotsika mtengo. Msika wa akapolo ku Zanzibar udatsekedwa mu 1873 ndipo ukapolo udathetsedwa mwalamulo kumeneko mu 1897, koma mitengo imene akapolowo adadzala idapitiriza kubala. Vanila weniweni naye ali ndi nkhani yofanana. Njira yoberekesera maluwa ake ndi manja idatulukiridwa mu 1841 pa chilumba cha Réunion ndi Edmond Albius, mnyamata wa zaka 12 amene adali kapolo. Eni minda adalemera nayo njirayo, iye adamwalira ali wosauka mu 1880.

Pa zonunkhiritsa zonse zachilendo, chimene chimandigwira mtima ndi cha ku Kannauj, tawuni yakale ya kumpoto kwa India. Amisiri a kumeneko amatenga dongo louma lowotchedwa, amaliika m'miphika yamkuwa pamodzi ndi madzi, amamata chivindikiro ndi dothi n'kusonkha moto wa nkhuni. Nthunzi imadutsa mumpope wansungwi n'kukagwera m'chotengera chomizidwa m'madzi ozizira, momwe muli mafuta a mtengo wa sandalwood. Amabwereza zimenezi masiku ambiri mpaka mafutawo atamwa fungo la dothi. Zotsatira zake amazitcha mitti attar, ndipo fungo lake ndi lija timalimva chizimalupsa chikagwa pa nthaka youma. Asayansi awiri a ku Australia, Isabel Joy Bear ndi Richard Thomas, adalipatsa fungoli dzina loti petrichor mu 1964, ndipo gawo lake lalikulu limachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'nthaka. Palibe Mmalawi wokulira kumudzi amene angafune kuuzidwa kuti fungo limeneli n'lokoma. Limatikumbutsa khasu, mbewu ndi chiyembekezo cha chakudya. Apa tikuona kuti kukoma kwa fungo sikukhala m'botolo mokha, kumakhalanso m'zimene munthu adadutsamo.

Sayansi ya masiku ano ikuvomereza zimenezi. Mu 2004 Linda Buck ndi Richard Axel adalandira mphotho ya Nobel kaamba kofotokoza mmene mphuno imazindikirira fungo. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya timinyewa tolandira fungo, ndipo timeneti sitifanana ndendende mwa anthu awiri. Kafukufuku wina wa ku America mu 2007 adaonetsa kuti mankhwala otchedwa androstenone kwa ena amanunkha ngati mkodzo, kwa ena amanunkhira ngati vanila, pamene ena samva kanthu, ndipo kusiyanaku kumayenderana ndi chibadwa. Choncho mnzanu akatamanda perefyumu amene inu akukudwalitsani mutu, palibe wabodza pakati panu. Mphuno zanu ndi zosiyana basi.

Nanga wogula aphunzirepo chiyani? Choyamba ndi phunziro la ambergris, lakuti fungo limafuna nthawi. Perefyumu amapangidwa m'magawo atatu. Gawo loyamba, kawirikawiri la mandimu ndi malalanje, limamveka pompopompo n'kuzimirira m'mphindi zochepa. Lachiwiri, la maluwa ndi zokometsera, limakhala maola angapo. Lachitatu, la mitengo, utomoni ndi musk, ndilo limatsala pakhungu mpaka madzulo. Wogula pa kununkhiza koyamba amalipira gawo limene adzakhale nalo kwa mphindi khumi zokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poperani pang'ono pamkono, tulukani m'sitolo, kagwireni ntchito zina, ndipo mununkhizenso pakatha maola awiri kapena atatu. Musayese mitundu yoposa itatu pa ulendo umodzi chifukwa mphuno ikatopa zonse zimafanana.

Chachiwiri ndi thupi lanu ndi malo amene mukukhala. Pepala loyesera m'sitolo silituluka thukuta. Khungu louma limataya fungo msanga, pamene la mafuta limalisunga. Kutentha kumakweza fungo, motero perefyumu wolemera wa oud kapena vanila amene angakome m'chiperoni cha Juni ku Mulanje atha kukhala chilango m'chilimwe cha ku Nsanje, kumene fungo lopepuka la mandimu limayenera. Musamangidwenso ndi malemba akuti uyu ndi wa amuna, uyu ndi wa akazi. Ku maiko a Aluya amuna akhala akudzola mafuta a maluwa a rozi kuyambira kale, ndipo Jicky uja adakondedwa ndi amuna ndi akazi omwe. Magawo amenewa kwakukulu adakhazikitsidwa ndi otsatsa malonda.

Chachitatu ndi phunziro la fungwe, lakuti mlingo ndiye mwini nkhani. Mawu a Chifalansa olembedwa pabotolo amanena za mphamvu yake. Parfum ndiye wamphamvu kwambiri, kenaka eau de parfum, kenaka eau de toilette, ndipo eau de cologne, amene dzina lake lidachokera ku madzi onunkhira amene Johann Maria Farina adayamba kugulitsa mumzinda wa Cologne m'zaka zoyambirira za m'ma 1700, ndiye wopepuka. Wamphamvu amafuna kadontho chabe. Vuto ndi lakuti mphuno imazolowera fungo limene ili nalo nthawi zonse, ndiye wodzola amaganiza kuti latha n'kuwonjezera, chonsecho anzake akulimvabe. Mnyamata wa m'minibasi uja adagwa m'mbuna imeneyi. Kumbukiraninso kuti pali anthu a mphumu ndi odwala mutu amene fungo lamphamvu limawazunza, makamaka m'chipatala, m'kalasi ndi m'galimoto yodzaza.

Pomaliza, chenjerani ndi chikomekome cha mkuyu. M'misika mwadzaza mabotolo okhala ndi maina otchuka pa mtengo wa sopo. Ena mwa iwo amangotha fungo msanga, koma ena sitidziwa chimene adathiramo ndipo atha kuyabwa kapena kutupitsa khungu. Ndi bwino kugula botolo la dzina losatchuka koma loona kusiyana ndi la dzina lalikulu lonama. Mukapeza lokuyenerani, lisungeni pamthunzi, kutali ndi windo, pakuti dzuwa limene limakometsa ambergris pa nyanja limawononga perefyumu m'botolo.

Mafumu adatumiza zombo, ngamira zidadutsa zipululu, nyama zidaphedwa ndipo anthu adagulitsidwa pofuna chinthu chimene maso sachiona ndipo manja sangachigwire. Ife amene tikupeza fungo pa shelefu tiyenera kulitenga ndi ulemu pang'ono podziwa kumene lidachokera. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Fungo lanu si limene lili pa chithunzi cha m'magazini kapena limene mnzanu amadzola, koma limene lakhala tsiku lonse pakhungu lanu, inu n'kulikondabe madzulo, ndipo wokhala nanu pampando umodzi sadakankhe windo.